Kukonzekera kuchoka m'banja la nkhanza ku Ruda ndi m'minda ya tiyi

Dongosolo lodzitetezera ndi zimene munthu wochitiridwa nkhanza m'banja amakonza mwakachetechete tsiku lochoka lisanafike: kopita, zonyamula, womuuza, ndi momwe adzakhalire osapezedwa. Ku Ruda, m'chigwa cha Honde m'boma la Mutasa, komanso m'minda ya tiyi ya ku Chipinge, kum'mawa kwa Zimbabwe, dongosololi lili ndi zovuta zakezake, makamaka kwa mabanja amene makolo awo adachokera ku Malawi ndi ku Mozambique kudzagwira ntchito m'mafamu.

Chifukwa chokonzekera

Kafukufuku wa zaumoyo wa mu 2015 adapeza kuti amayi 35 pa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 ku Zimbabwe adamenyedwapo chikwanitsireni zaka 15. Anthu amafunsa kuti, "Bwanji osangochoka?" Funsoli ndi losavuta kwa woonera patali. Kafukufuku wa Jacquelyn Campbell ndi anzake ku America mu 2003 adasonyeza kuti ngozi yophedwa imakula mkazi akasiyana ndi mwamuna amene amamulamulira pa chilichonse. Zizindikiro zoopsa ndi kukanyanga pakhosi, kuopseza ndi chikwanje kapena mpeni, nsanje yolondalonda, kumenya mayi woyembekezera, ndi mawu akuti ukandisiya ndikupha. Zikaoneka izi, mayi asalengeze kuti akuchoka. Achoke kaye, zokambirana zibwere pambuyo.

Nyumba ya kampani

M'minda monga Aberfoyle ndi Eastern Highlands ku Honde, kapena Ratelshoek, Jersey ndi Southdown ku Chipinge, nyumba ya pakomboni imayendera ntchito. Ngati wolembedwa ntchito yokhazikika ndi mwamuna, mkazi wongothyola tiyi nyengo ya mvula akachoka m'banja wachokanso pa denga. Mnzake wa Chimanyika kapena Chindau nthawi zambiri ali ndi mudzi wobwererako. Mdzukulu wa munthu wa ku Mulanje, wobadwira pakomboni, kwawo n'komweko. Ankhoswe amene ku Malawi akadakhala oyamba kuthamangirako ali kutali, mwinanso sadziwika n'komwe.

Choncho funso loyamba ndi la kogona. Pasakhale pamzere womwewo wa nyumba, pomwe nkhani imazungulira dzuwa lisanalowe, ndiponso pasakhale kwa mnzake amene mwamunayo angayambire kufufuza. Mayi wa mumpingo kapena wa kumzikiti wokhala ku Hauna kapena ku Mutare, amene mwamunayo sadziwa khomo lake, ndiye woyenera. Kuwoloka malire kupita ku Mozambique kumaoneka kwapafupi, koma chiletso cha khothi la ku Zimbabwe choletsa wankhanza kumufikira sichingamuteteze kumeneko.

Zikalata

Apa m'pamene mabanja ochokera kunja amavutika kwambiri. Ambiri adakula ndi zitupa zowalemba kuti ndi alendo, ena alibe n'kalata ya kubadwa yomwe. Malamulo aakulu a dziko a mu 2013 adapereka unzika kwa obadwira ku Zimbabwe malamulowo asanayambe, ngati kholo lawo lidali nzika ya dziko la mu SADC, koma Amnesty International idapezabe mu 2021 anthu ambiri otere opanda chitupa. Mwamuna wankhanza amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake amabisa kapena kuotcha zikalata. Chitupa, makalata a kubadwa a ana, makhadi a kusikelo, buku la kuchipatala ndi mankhwala a ma ARV kapena a kuthamanga kwa magazi zisungidwe pamodzi kwa munthu wodalirika, ndipo zijambulidwe pafoni ina. Kusowa chitupa sikuchotsa ufulu wokadandaula kupolisi.

Ndalama yokwerera kombi ikhale yogwira m'manja. Kutumizirana ndalama pa EcoCash kumasiya uthenga pafoni, ndipo foni ndi chinthu choyamba chimene mwamuna wansanje amalanda. Manambala ofunika ndi bwino kuwaloweza pamtima.

Zimene lamulo limalola

Lamulo la Domestic Violence Act lidayamba kugwira ntchito mu 2007. Limawerengera kumenya, kugwirira, kuopseza, kumana ndalama, kuwononga katundu, ukwati wokakamiza ndi chokolo chokakamiza. Khothi la majisitireti, monga la ku Mutasa kapena la ku Chipinge, lingapereke chiletso choyembekezera mlandu usanamvedwe, kenako chiletso chokhala zaka zosachepera zisanu. Chiletsocho chingaletse wankhanzayo kufika komwe wodandaula akukhala kapena kugwira ntchito, kumulamula kupereka ndalama ya chithandizo, ndi kunena yemwe akhale ndi ana pakadali pano. Chimatuluka pamodzi ndi chikalata chomumangira akachiphwanya.

Mfundo imene ambiri pakomboni saidziwa ndi yakuti pempho la chiletso likhoza kukaperekedwa ndi womuimira: wapolisi, wachibale, mnansi, mnzake wa kuntchito, wa kumpingo, ngakhale bwana wake. Kwa mayi amene sangajombe osafunsidwa, mwayi umenewu ndi waukulu.

Kupolisi ya Ruda, monga kwina, nkhanizi amazitengera ku nthambi ya Victim Friendly Unit. Wovulazidwa apite kuchipatala, monga cha ku Hauna, kuti mabala alembedwe, ndipo wogwiriridwa afike maola 72 asanathe kuti alandire mankhwala oteteza ku HIV. Bungwe la Musasa, lomwe lidayamba mu 1988, lili ndi ofesi ku Mutare ndipo limathandiza ndi uphungu, zamalamulo ndi nyumba zobisalamo. Za ana, nambala ya Childline ndi 116.

Tsiku lochoka ndi pambuyo pake

Nthawi yabwino ndi pamene mwamuna ali kumunda ndipo kutuluka sikudabwitsa: tsiku la sikelo, la msika wa nthochi, la kuchigayo. Mkangano ukabuka tsikulo lisanafike, mayi apewe kukhitchini ndi pomwe pali makasu ndi zikwanje, akhale pafupi ndi khomo. Ana aphunzitsidwe kuthamangira kwa mnansi wosankhidwa, osati kuleretsa ndewu.

Akachoka, asinthe nambala ndi njira yopitira kuntchito, auze aphunzitsi amene ali wololedwa kutenga ana, ndipo chikalata cha chiletso aziyenda nacho. Achibale akaitanitsa zokambirana, zichitikire pagulu, iye ali ndi womuperekeza, ndipo malo amene akugona asatchulidwe pabwalopo.