BENARES, MZINDA WAKALE WA PA MTSINJE WA GANGES

M'nkhani zathu za maiko ena madzulo ano tinka ku India, ku mzinda umene Azungu anautcha Benares, koma eni ake amati Varanasi kapena Kashi. Ambiri a ife tidziwa Amwenye chifukwa cha masitolo awo a ku Limbe, ku Lilongwe ndi ku Chipata, ndipo tidziwanso kuti ena mwa iwo ndi Asilamu, ena ndi Ahindu. Tsono kwa Ahindu mzinda umenewu ndiwo wopatulika koposa. Munthu amalakalaka kukasamba m'mtsinje wake kamodzi asanafe, ndipo ngati nkotheka kukafera komweko.

Pali chinthu chimodzi chimene chimadabwitsa alendo. Benares ndi umodzi wa mizinda yakale kwambiri pa dziko lapansi imene anthu akhalamobe, koma nyumba zake zambiri ndi akachisi ake sizinapitirire zaka 300. Nanga zakalezo zinanka kuti? Tiyeni tiuyendere mzindawu, ndipo yankho tilipeza m'njira.

KUMENE ULI

Benares ali m'chigawo cha Uttar Pradesh, mailosi pafupifupi 500 kuchokera ku Delhi. Mtsinje wa Ganges umachokera ku mapiri a Himalaya, nuyenda mailosi oposa 1,500 kunka kum'mawa. Koma pofika pa Benares umakhota nuloza kumpoto. Mzinda unamangidwa pa gombe la kumadzulo, pamene pali mtunda wautali, kotero kuti madzi a chigumula safika msanga m'nyumba, ndipo wosamba m'mawa amapenyana ndi dzuwa likamatuluka. Tsidya linalo ndi mchenga umene umamira dzinja lililonse.

Dzina lakuti Varanasi anthu amati linachokera ku timitsinje tiwiri, Varuna kumpoto ndi Assi kummwera, timene tithira m'Ganges. Boma linakhazikitsa dzinali m'chaka cha 1956. Kashi ndilo dzina la m'mabuku akale, ndipo limanena za kuwala. Akatswiri okumba zinthu zakale anapeza mapale ndi maziko a nyumba pa malo otchedwa Rajghat, zosonyeza kuti anthu anali pamenepo zaka ngati 800 Yesu asanabadwe. Pa kalembera wa 2011 mumzindamo munali anthu pafupifupi 1,200,000.

M'BWATO MBANDAKUCHA

Wofuna kuona Benares bwino adzuke tambala woyamba, nakwere bwato. M'mbali mwa mtsinje, kwa mailosi anayi, muli madooko oposa 80 amene eni ake amawatcha ghat. Dooko lililonse ndi makwerero a miyala otsikira m'madzi, ndipo pamwamba pake pali akachisi ndi nyumba zazitali za mafumu. Ambiri a madookowa anamangidwa m'zaka za m'ma 1700 ndi mafumu a mtundu wa Maratha ndi a m'maiko ena a India, pakuti mfumu iliyonse inafuna kukhala ndi khomo lake pa mtsinje wopatulika.

Dzuwa likamatuluka mudzaona anthu miyandamiyanda, amuna ndi akazi, ataima m'madzi ofika m'chiuno. Amatunga madzi ndi manja awiri, nawakweza kuloza ku dzuwa, nawathiranso m'mtsinje. Ansembe amakhala pansi pa maambulera aakulu, kuthandiza alendo pa mapemphero a makolo awo amene anafa. Pafupi pomwepo ena achapa nsalu, ena ameta, ana nasambira.

Dooko lodzaza koposa ndi Dashashwamedh. Ahindu amasimba kuti mulungu wawo Brahma anapereka nsembe ya akavalo khumi pamenepo. Madzulo aliwonse ansembe amaimirira pa dookoli atanyamula nyali zamkuwa, nazizunguza pamaso pa mtsinje, mabelu akulira. Pafupi pake pali nyumba ya Man Mandir imene anamanga Man Singh, mfumu ya ku Amber, cha m'ma 1600. Pa denga lake mfumu ina, Jai Singh, inaika zipangizo zamiyala zoyezera dzuwa ndi nyenyezi, ndipo ziripobe.

DOOKO LA MALIRO

Bwato likapitirira pang'ono kumpoto mudzaona utsi ndi milu ya nkhuni. Pamenepo ndi pa Manikarnika, pamene amatentha mitembo usana ndi usiku. Ahindu amakhulupirira kuti munthu akafa amabadwanso, nafanso, nabadwanso, monga mwa ntchito zake, ndipo kuzungulira kumeneku amakuyesa goli lolemera. Koma amati wofera ku Kashi mulungu Shiva amam'masula, sabadwanso. Chifukwa chake nkhalamba zambiri zimasiya kwawo kudzadikira imfa kuno, ndipo pali nyumba zowalandira.

Mtembo amaunyamula pa chithatha chansungwi, nauviika m'mtsinje, nauika pa nkhuni. Mwana wamwamuna wamkulu, atameta mpala ndi kuvala nsalu yoyera, ndiye amayatsa. Moto sabwera nawo kuchokera kwawo: amaulandira kwa anthu a mtundu wa Dom, amene ntchito yawo kuyambira makolo ndi kusunga moto wa pa dookoli. Ahindu ena amawayesa otsika anthu amenewa, koma ngakhale mwana wa mfumu ayenera kutambasula dzanja kwa iwo tsiku la maliro. Patapita maola ngati atatu phulusa amalithira m'madzi. Mlendo akumbukire kuti pamenepa ndi pa maliro a eni ake. Asajambule zithunzi, asaloze chala, apenye mwaulemu napitirire.

KACHISI WOGWETSEDWA NDI KUMANGIDWANSO

Tsopano titsike m'bwato tilowe m'tinjira ta mumzinda, timene tili topapatiza kotero kuti ng'ombe ikaima pakati munthu asowa podzera. Tinjira timeneti titifikitsa pa kachisi wa Vishwanath, ndiye Shiva, ndipo apa ndi pamene funso lathu lija liyankhidwa.

M'chaka cha 1194 ankhondo a Muhammad Ghori, motsogozedwa ndi Qutb-ud-din Aibak, anagonjetsa mfumu ya Chihindu Jayachandra, nalowa m'Benares, nagwetsa akachisi ambiri. Anthu anamanganso. M'masiku a mfumu ya Chisilamu Akbar, imene inalemekeza zipembedzo zonse, nduna yake Todar Mal inathandiza kumanga kachisi wamkulu wa Vishwanath cha m'ma 1585. Koma mfumu ina ya banja lomwelo, Aurangzeb, inalamula m'chaka cha 1669 kuti kachisiyo agwetsedwe, ndipo pa malo ake panamangidwa mzikiti wotchedwa Gyanvapi. Khoma limodzi la kachisi wakale lionekabe kumbuyo kwa mzikitiwo. Pakati pali chitsime, ndipo Ahindu amasimba kuti wansembe anabisa mwala wopatulika wa Shiva m'menemo kuti ungaonongedwe.

Panapita zaka zoposa 100. Pamenepo mfumukazi ya ku Indore, Ahilyabai Holkar, mkazi wamasiye wodziwika ndi nzeru za kuweruza, anamanga kachisi amene alipo lero pambali pa mzikiti, natsiriza cha m'ma 1780. M'chaka cha 1835 Ranjit Singh, mfumu ya Asikh ya ku Punjab, inapereka golide wokutira nsonga za kachisiyo. Motero tiona kuti miyala inagwetsedwa kawirikawiri, koma mwambo wotsikira ku mtsinje sunaleke, monga akulu anena kuti madzi saiwala khwawa.

Nyumba ziwirizi zayandikana ngati mano, ndipo zimenezi zabala milandu. M'chaka cha 1991 nyumba ya malamulo ya India inapanga lamulo lakuti malo aliwonse opembedzerapo akhale monga analili pa 15 August 1947, tsiku la ufulu. Koma chaka chomwecho Ahindu ena anakasuma kufuna malo a mzikitiwo, ndipo mlandu wakhala m'mabwalo zaka zoposa 30. Mu 2024 bwalo lina linalola Ahindu kupemphera m'chipinda chapansi cha mzikiti, Asilamu nadandaula. Nchifukwa chake mlendo adzapeza apolisi pa makomo onse. Mu December 2021 nduna yaikulu Narendra Modi inatsegula njira yotakata yochokera pa kachisi kufika ku mtsinje. Njirayo yachepetsa kupanikizana, koma poimanga anagula ndi kugwetsa nyumba zakale pafupifupi 300, ndipo eni mzinda ena akali kulira tinjira tawo.

ULENDO WA KU SARNATH

Mailosi asanu ndi limodzi kunja kwa mzinda kuli Sarnath, malo achete a udzu ndi mabwinja. Kumeneku Buddha anaphunzitsa nthawi yoyamba, zaka ngati 500 Yesu asanabadwe, ndipo omvera ake anali anthu asanu okha. Mfumu Ashoka, imene inalamulira pafupi India yense zaka ngati 250 Yesu asanabadwe, inaimika mzati wamwala pamenepo, pamwamba pake mikango inayi yopenya mbali zinayi. Mlendo wa ku China, Xuanzang, amene anafika m'zaka za m'ma 630, analemba kuti anapeza amonke 1,500 akuphunzira pamalopo. Pambuyo pake malowo anasanduka bwinja, nakwiririka. Mikango ija inafukulidwa m'chaka cha 1905, ndipo pa 26 January 1950 inasankhidwa kukhala chizindikiro cha Boma la India. Aliyense amene anagwirapo ndalama ya India anaiona. Iri m'nyumba yosungiramo zakale komweko, pafupi ndi chulu chachikulu chamiyala ndi njerwa chotchedwa Dhamek, cha msinkhu wa mapazi ngati 140.

MASIKU A AZUNGU

M'chaka cha 1775 Benares analowa m'manja mwa kampani ya Angerezi ya East India. Mu 1781 Bwanamkubwa Warren Hastings anadza yekha kudzalanga mfumu Chait Singh chifukwa cha ndalama zimene kampani inafuna, nam'tsekera m'nyumba yake ya pa mtsinje. Koma anthu a mfumu anaukira, napha asilikali olonda, mfumu nithawa pa madzi, ndipo Hastings mwini anathawira ku Chunar usiku. Anabwerako ndi ankhondo ambiri, nalonga mfumu ina. Dooko la pamalopo litchedwabe dzina la Chait Singh, ndipo linga la mafumuwo, Ramnagar, lionekera tsidya la mtsinje.

Angerezi anasiyanso zina. Jonathan Duncan anatsegula sukulu ya chilankhulo chakale cha Sanskrit mu 1791, ndipo mlatho wa njanji unaoloka Ganges mu 1887. M'chaka cha 1916 Madan Mohan Malaviya anayamba sukulu yaikulu ya Banaras Hindu University. Pa mwambo woitsegula Gandhi, amene anali atabwera kumene kuchokera ku South Africa, anadzudzula anthu a mtundu wake pamaso pa mafumu chifukwa cha uve wa m'tinjira ta kachisi wa Vishwanath.

OWOMBA NSALU NDI OIMBA

Benares si mzinda wa mapemphero okha ayi. Nsalu zake za silika zolukidwa ndi ulusi wa golide amazifuna akwati m'India monse, ndipo ambiri a owomba nsaluzo ndi Asilamu. Kabir, mlakatuli wa zaka za m'ma 1400, analeredwa m'banja la owomba nsalu, ndipo anadzudzula ansembe a Chihindu ndi a Chisilamu chimodzimodzi. Tulsidas, amene analemba mbiri ya Rama m'chilankhulo cha anthu wamba, anafera kuno mu 1623. Bismillah Khan, Msilamu woimba chitoliro chotchedwa shehnai, anaphunzirira luso lake m'akachisi a pa mtsinje, nakana kusamukira kwina kufikira imfa yake mu 2006. Anthu otere asonyeza kuti zipembedzo ziwirizi zakhala zikumwa chitsime chimodzi nthawi yaitali kuposa imene zakangana.

MTSINJE ULI PA NGOZI

Mdani wa Benares lero si ankhondo. Ndi zonyansa za m'zimbudzi za mzinda ndi za m'mafakitale a kumtunda, monga ofufuta zikopa a ku Kanpur, zimene zithiridwa m'Ganges. Anthu amamwa madziwo chifukwa amati ndi opatulika, koma kachirombo ka kolera ndi ka kamwazi sikadziwa kupatulika. Munthu amene anaona mbali zonse ziwiri anali Veer Bhadra Mishra, mkulu wa ansembe pa kachisi wa Sankat Mochan, amenenso anali mphunzitsi wa luso la madzi pa yunivesite. Iye anasamba m'mtsinje m'mawa monga Mhindu, nayeza madzi ake monga katswiri, ndipo mu 1982 anayamba bungwe lolimbana ndi uvewo. Mu 1986 nduna yaikulu Rajiv Gandhi inayambitsa ntchito yoyeretsa Ganges ku Benares komweko, ndipo mu 2014 Boma linayamba ntchito ina yaikulu yotchedwa Namami Gange, nilimanga malo atsopano osefera zonyansa. Ntchito njaikulu, pakuti mzinda ukukula ndipo alendo achuluka chaka ndi chaka.

Tsono ngati wina wa inu adzapeza mwayi wonka kumeneko, apite pakati pa October ndi March, pamene kutentha ndi chigumula zapita. Avule nsapato polowa m'kachisi, amwe madzi owiritsa kapena a m'botolo, ndipo asafulumire, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha. Kachisi wogwetsedwa anthu a ku Benares anam'manganso kangapo, koma mtsinje sungamangidwe ndi manja, ndipo popanda mtsinjewo mzinda wawo ulibe chifukwa chokhalira.

Nkhani yathu yathera pamenepa. Gonani bwino nonse.