Misewu Poyamba, Nyumba Pambuyo

Glen View idayamba mu 1979 ilibe nyumba. Khonsolo ya Salisbury, mzinda umene lero ndi Harare, idadula mapuloti, n'kulambula misewu, kuyala mapaipi ndi kumanga chimbudzi pa puloti iliyonse. Nyumba yake aliyense adamanga yekha monga mwa thumba lake. Lero m'dera limeneli mukukhala anthu a mitundu yambiri, kuphatikizapo adzukulu a machona ochokera ku Malawi.

Mu 1985, ku California, kampani ya Xilinx idatulutsa kachipangizo kamagetsi komangidwa pa nzeru yofanana ndi imeneyi. Mwini ganizoli adali Ross Freeman, amene adaphunzitsapo ku Ghana asanalowe ntchito yopanga ma chip. Nthawi imeneyo chip zambiri zinkatuluka m'fakitale ntchito yake itakhazikika kale. Freeman adafuna chip imene wogula adzaisankhire yekha ntchito. Yoyamba, XC2064, idali ndi timabokosi 64 towerengera, toyalidwa m'mizere 8 ya timabokosi 8, ndipo pakati pa mizereyo padadutsa timawaya ngati misewu. Mtundu uwu wa chip umatchedwa FPGA.

Chinsinsi chake chili pa mphambano. Pamene timawaya tikumana pali timaswichi, ndipo kaswichi kalikonse kamamvera kachigawo ka memori kosunga 1 kapena 0. Chip ikayatsidwa imalandira mndandanda wa manambala amenewa, timaswichi tina n'kutseguka, tina n'kutsekeka, njira n'kupangika kuchoka pa kabokosi aka kukafika pa ako. Mukasintha mndandandawo, mwapanga makina ena popanda kuwotcherera waya. Pali timawaya tatifupi tolumikiza timabokosi toyandikana, ndi tatitali todutsa chip yonse osaima pa mphambano iliyonse, chifukwa swichi iliyonse imachedwetsa uthenga.

Vuto lolumikiza ambiri ndi njira zochepa lidayambira pa telefoni. Mu 1891 Almon Strowger, amene ntchito yake idali yokonza maliro ku Kansas City, adapatsidwa umwini wa makina olumikiza oimba foni popanda munthu wolowetsa zingwe m'mabowo. Mu 1953 Charles Clos wa ku Bell Labs adaonetsa kuti mukayala maswichi m'magulu atatu, aliyense angafikire mnzake ndi maswichi ochepa kwambiri. Opanga FPGA adakumana ndi vuto lomweli: kulumikiza kabokosi kalikonse ndi kanzake mwachindunji kukanadya malo onse. Ngakhale adachepetsa chotero, gawo lalikulu la chip limapitabe ku timawaya ndi timaswichi, ndipo uthenga nthawi zambiri umachedwa m'njira kuposa m'timabokosi.

Nanga mauthenga zikwizikwi akafuna waya umodzi? Mu 1995 Larry McMurchie ndi Carl Ebeling a ku University of Washington adabwera ndi njira yotchedwa PathFinder. Poyamba pulogalamu imalola uthenga uliwonse kutenga njira yachidule, ngakhale athithikane. Kenako imakweza mtengo wa waya wolimbiranawo mobwerezabwereza, mpaka amene ali ndi kolambalala apatuke, wayayo n'kutsalira amene alibe kwina kodzera.

Chip zimenezi zimagwiritsidwa ntchito kwambiri m'zipangizo za pa nsanja za mafoni a m'manja, pakuti zimalola kusintha kagwiridwe ka ntchito popanda kugula zatsopano. Choncho woimba foni ku Glen View amadalira mphambano zimene sadzaziona.

Deralo limadziwa mtengo wa njira zosaoneka. Mu Seputembala 2018 kolera idabuka ku Glen View ndi Budiriro, zonyansa za m'mapaipi ophulika zitalowa m'madzi a m'zitsime ndi m'mijigo, ndipo anthu adafa. Nyumba zidachuluka ndi kukula kuposa zimene odula mapuloti adayembekeza, koma mapaipi a pansi sadakule nazo. Pa chip, pulogalamu ikasowa waya wokwanira imakana kumaliza ntchito, injiniya n'kubwerera kukakonza. Mzinda ulibe chokana chotere: anthu amangopitiriza kumanga.