Mbiri ya Kuika Impso ya Munthu Wina M'thupi la Wodwala

Ntchito ya impso

Anthu ambiri amabadwa ndi impso ziwiri. Zili chakumsana, m'munsi mwa nthiti. Ntchito yake ndi kusefa magazi. Zoipa za m'magazi ndi madzi otsala zimatuluka ngati mkodzo.

Impso zonse ziwiri zikasiya kugwira ntchito, miyendo ndi nkhope zimatupa. Munthu amafooka, amasanza, ndipo mkodzo umachepa. Kale wodwala wotere ankangodikira tsiku lake.

Koma munthu akhoza kukhala bwinobwino ndi impso imodzi yokha. Ndiye madokotala anayamba kufunsa: bwanji wamoyo osagawirako wodwala?

Kusoka sikunavute

Mu 1902, dokotala wina wa ku Vienna, dzina lake Emerich Ullmann, anachotsa impso ya galu n'kuilumikiza pakhosi pa galuyo. Mkodzo unatuluka. Pa zaka zomwezo, Alexis Carrel wa ku France anapeza njira yosokera mitsempha ya magazi kuti isatsekeke. Anamupatsa mphoto ya Nobel mu 1912.

Mu 1933, Yuriy Voronoy wa ku Ukraine anaika impso ya munthu wakufa m'thupi la mayi wodwala. Impsoyo sinagwire ntchito, ndipo mayiyo anamwalira patapita masiku awiri.

Luso la singano linalipo. Koma impso ya wina inkafa ndithu, ngakhale isokedwe bwino chotani. Chomwe chinkaipha sichinkadziwika.

Thupi limakana mlendo

Mlimi amamezanitsa nthambi ya mango pa mtengo wina, mtengowo n'kuilandira. Thupi la munthu silitero.

Amene anafotokoza bwino chifukwa chake ndi Peter Medawar wa ku Britain. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, anthu ambiri ankapsa ndi moto. Medawar ndi mnzake Thomas Gibson ankayang'anira mayi wina wopsa kwambiri ku Glasgow. Anamumata tizidutswa ta khungu lake lomwe, tinagwira. Anamumatanso ta khungu la mchimwene wake. Timeneti tinakhala masiku angapo, kenako n'kufota. Atamumata kachiwiri khungu la mchimwene yemweyo, linafota msanga kuposa poyamba.

Apa Medawar anaona kuti thupi limakumbukira. Asilikali a m'thupi, omwe aja amatiteteza ku tizilombo toyambitsa matenda, sasiyanitsa. Chilichonse chachilendo amachiona ngati mdani, ngakhale chabwera kudzathandiza.

Mayi wa ku Paris

Mu Disembala 1952, mnyamata wa zaka 16, Marius Renard, anagwa pamalo omanga nyumba. Impso yake inaphulika, madokotala n'kuichotsa. Atachotsa ndi pamene anazindikira kuti mnyamatayo anabadwa ndi impso imodzi yokha.

Mayi ake anachonderera madokotala a pachipatala cha Necker kuti atenge yawo. Opaleshoni inachitika pa Khirisimasi. Impso inayamba kugwira ntchito nthawi yomweyo. Mnyamata uja anayamba kupeza bwino, anthu n'kumati basi wachira.

Patatha milungu itatu, mkodzo unasiya. Thupi linakana impso ya mayi ake omubereka. Marius anamwalira mu Januwale 1953.

Mapasa a ku Boston

Richard Herrick anali ndi zaka 23 pamene impso zake zinasiya kugwira ntchito. Mwayi wake unali wakuti anali mapasa ndi Ronald, ofanana chilichonse. Madokotala a pachipatala cha Peter Bent Brigham ku Boston, m'dziko la America, anaganiza kuti thupi la Richard silingaone impso ya Ronald ngati yachilendo.

Anayamba atsimikiza kaye. Anawatenga zidindo za zala kupolisi. Anamata kachidutswa ka khungu la Ronald pa thupi la Richard, ndipo kanagwira.

Panali funso lina lolemera. Dokotala amaphunzitsidwa kuti asavulaze munthu. Nanga n'kololeka kung'amba munthu wabwinobwino, wosadwala kalikonse, pofuna kupulumutsa wina? Anafunsa nzeru kwa madokotala anzawo ndi kwa atsogoleri a mipingo. Ngakhale Richard mwiniwake, opaleshoni itayandikira, anauza m'bale wake kuti azipita kwawo. Ronald anakana.

Pa 23 Disembala 1954, dokotala J. Hartwell Harrison anachotsa impso ya Ronald. M'chipinda china, Joseph Murray anaiika m'munsi mwa mimba ya Richard. Atatsegula mitsempha, impso inafiira ndi magazi, mkodzo n'kuyamba kutuluka.

Richard anachira. Anakwatira namwino amene ankamusamalira, ndipo anabereka ana awiri. Anamwalira mu 1963. Ronald anakhala ndi impso yake imodziyo mpaka mu 2010, ali ndi zaka 79. Murray analandira mphoto ya Nobel mu 1990.

Komabe tinene zoona. Madokotalawa sanagonjetse vuto lija, anangolilambalala. Ndi angati ali ndi mapasa anzawo ofanana nawo?

Kufooketsa asilikali

Njira inatsala imodzi: kufooketsa asilikali a m'thupi kuti asiye kulimbana ndi impso. Poyamba anayesa kuwotcha thupi lonse ndi cheza champhamvu cha makina. Asilikali ankatha ndithu, koma odwala ambiri ankafa ndi matenda ena.

Thandizo linachokera kwa ofufuza mankhwala a khansa ya m'magazi, Gertrude Elion ndi George Hitchings. Dokotala wachinyamata wa ku Britain, Roy Calne, anayesa mankhwala awo pa agalu oikidwa impso. Agalu ena anakhala nthawi yaitali. Mankhwala amene anapambana ndi azathioprine. Mu 1962, Murray anawagwiritsa ntchito pa wodwala amene analandira impso ya munthu wakufa, ndipo impsoyo inagwira ntchito kupitirira chaka. Mu 1963, Thomas Starzl wa ku Denver anasonyeza kuti kuphatikiza azathioprine ndi prednisone kumathandiza kwambiri.

Ngakhale zinali choncho, pa impso zochokera kwa anthu akufa, pafupifupi theka zinkalephera chaka chisanathe.

Dothi la ku Norway

Kampani ya mankhwala ya Sandoz, ya ku Basel m'dziko la Switzerland, inkapempha antchito ake kuti akamapita kokayenda azibwerako ndi dothi pang'ono. Mu 1969, mmodzi anabwera ndi dothi la kumapiri a Hardangervidda ku Norway. M'dothimo munali nkhungu ina yake. Ofufuza ankayembekezera kupezamo mankhwala opha tizilombo, koma mankhwala amene anapeza anali ofooka pa ntchito imeneyo. Kenako Jean-François Borel ndi anzake anaona kuti amagwira manja gulu la asilikali limene limatsogolera kukana, osawononga magazi onse.

Mankhwalawo ndi ciclosporin. Calne anayamba kupatsa odwala ku Cambridge mu 1978, ndipo America inawavomereza mu 1983. Kuyambira pamenepo, impso pafupifupi 80 pa 100 zilizonse zinkadutsa chaka zikugwira ntchito.

Mu 1984, m'dothi la pafupi ndi phiri la Tsukuba ku Japan munapezekanso ena, otchedwa tacrolimus. Ndi amene odwala ambiri amamwa masiku ano.

Moyo wa pamankhwala

Wolandira impso amamwa mankhwalawa tsiku ndi tsiku, nthawi yofanana, malinga impsoyo ili m'thupi. Akadumphitsa, asilikali amadzuka. Mankhwalawa akachuluka m'magazi, amawononga impso yomweyo imene akuiteteza. N'chifukwa chake amayezetsa magazi pafupipafupi.

Poti chitetezo chatsika, chifuwa chachikulu ndi matenda ena zimamugwira mosavuta. Ena amayamba shuga kapena kuthamanga kwa magazi. Mankhwalawa ndi odulanso, ndipo kwa banja losauka, ndalama ya mwezi ndi mwezi imeneyi imalemera kwambiri.

Kuno ku Africa

Ku Johannesburg anayamba kuika impso mu 1966. Kwa zaka zambiri, anthu okhala ndi kachilombo ka HIV sankaloledwa kulandira impso. Madokotala ankaopa kufooketsa chitetezo chimene chinali chofooka kale. Mu 2008, dokotala Elmi Muller wa pachipatala cha Groote Schuur ku Cape Town anayamba kuika impso za anthu amene anamwalira ali ndi kachilomboka mwa odwala amenenso ali nako. Odwalawo ankamwa ma ARV pamodzi ndi mankhwala ofooketsa asilikali, ndipo ambiri anakhala bwino. Mayiko ena, kuphatikizapo America, anatsatira pambuyo pake.

Ku Malawi, odwala impso amasefedwa magazi ndi makina pachipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe ndi cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Ofuna kuikidwa impso amapita kunja, kawirikawiri ku India, atatengana ndi m'bale amene wavomera kupereka.