Nthenda imene mabwana amaitcha ulesi

Njanji isanafike pa mudzi wa mfumu Lusaka mu 1905, pamene dera lino linali la Asoli ndi Alenje, chithokomiro chinalipo kale. Anthu ankachidziwa ndi maso. Chinali chotupa cha pakhosi, kawirikawiri cha munthu wamkazi, chimene chinkayamba pa utsikana ngati kambulu kakang'ono n'kumakula ndi mimba iliyonse. Ena ankati n'chakumtundu, ena ankaloza mfiti, ndipo asing'anga ankatema mphini pakhosipo. Koma gwero lake linali m'dothi. Dziko lino lili pamtunda, kutali ndi nyanja yamchere, ndipo mvula ya zaka zosawerengeka inakokolola ayodini amene anali m'nthaka. Mapira, maungu ndi nyemba zomera m'dothi lotere zinkamusowa, odya ake n'kumusowanso. Mchere wa makolo, wa Chibwa ku Mpika, wa ku Kaimbwe ku Kasempa, wa ku Kaputa, ngakhale chidulo chotcheza kuphulusa, sunkakwaniritsa chosowacho. Kumadera odalira chinangwa vuto linkakula, chifukwa chinangwa chosaviika bwino chili ndi poizoni amene amatsekereza ayodini wochepa yemweyo kuti asalowe m'chithokomiro.

Chiwalocho n'chaching'ono, cholemera magalamu pafupifupi 20, ndipo chimakhala kutsogolo kwa khosi mokumbatira kholingo. Ntchito yake ndi kupanga mahomoni amene amauza thupi liwiro loyendera: kugunda kwa mtima, kutentha kwa thupi, kugaya chakudya, ngakhale changu cha maganizo. Munthu wamkulu amafunika mamaikulogalamu 150 okha a ayodini patsiku, mlingo woti pa moyo wonse sungapitirire kasupuni ka tiyi. Akasowa, chiwalocho chimadzikuza pofuna kukola kochepa kamene kalipo.

Kumudzi, mayi amene thupi lake linayamba kulemera sankachotsedwa ntchito. Munda unali wa banja, ndipo pamene khasu lake lachedwa panali mng'ono wake, mpongozi, kapena dima la mowa. Ankatha kumunena miseche pachitsime, koma nsima ankadya. Mfundo imeneyi tiisunge, pakuti idzatithandiza tikafika m'tauni.

Sayansi ya nthendayi inakulira ku Ulaya, makamaka kumapiri a Switzerland, kumene zotupa za pakhosi zinali zofala ngati kuno. Mu 1811 Bernard Courtois wa ku France anapeza ayodini m'phulusa la ndere za m'nyanja, ndipo mu 1820 dokotala wa ku Geneva, Jean-François Coindet, anaona kuti ayodiniyo amaphwetsa chotupa. Koma ntchito yeniyeni ya chiwalocho inadziwika kudzera m'kulakwitsa. Theodor Kocher, katswiri wa maopaleshoni wa ku Bern, anafika poti ankachotsa chithokomiro chonse wodwala osafa. Mu 1883 anaitanitsa odwala ake akale kuti awaone, ndipo zimene anapeza zinamudetsa nkhawa. Ambiri mwa amene anawachotsa chiwalo chonse anali atatupa nkhope, ankamva kuzizira, ankalankhula mochedwa ndi kuiwalaiwala. Khosi linali losalala, koma munthuyo anali atazilala. Zaka khumi m'mbuyo mwake William Gull wa ku London anali atalongosola kale zizindikiro zomwezi mwa amayi amene sanachitidwepo opaleshoni.

Mankhwala anabwera mu 1891. George Murray wa ku Newcastle anatenga chithokomiro cha nkhosa, nafinya madzi ake, n'kumabaya mayi wina wa zaka 46 amene anali atafooka kwambiri. Mayiyo anatsitsimuka nakhalanso ndi moyo zaka 28, ndipo Murray anawerengera kuti pa nthawi yonseyo anagwiritsa ntchito zithokomiro za nkhosa zoposa 800. Nkhosazo n'zimene zimandikhudza pa nkhani yake, chifukwa zimaonetsa kuti kuyambira pachiyambi nthendayi inali yofuna mankhwala osadukiza. Edward Kendall anapatula homoni yeniyeniyo, thyroxine, ku Mayo Clinic mu 1914, ndipo pofika 1927 Charles Harington ndi George Barger anali ataipanga m'labotale. Kumbali ya kupewa, David Marine anayamba kupereka ayodini kwa atsikana a sukulu ku Akron, ku Ohio, mu 1917. Switzerland inayamba kuthira ayodini mumchere mu 1922, ndipo Michigan inatsatira mu 1924.

Pamene zomalizirazi zinkachitika, Lusaka inali siteshoni ya njanji yozunguliridwa ndi mafamu a azungu. Inasanduka likulu mu 1935, kulanda udindowo kwa Livingstone, ndipo amene anaijambula ankaona munthu wakuda ngati mlendo wodzagwira ntchito n'kubwerera kwawo. Nyumba inkayendera ntchito: ikatha ntchito, nyumba yathanso. Matero inamangidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 kuti mukhale antchito ovomerezeka. Otsala onse anakamanga m'minda ndi m'makwale a azungu amene ankawalipiritsa lendi, n'chifukwa chake makomboni ena mpaka lero amatchedwa ndi maina a eni malo akalewo, monga George, John Laing ndi John Howard. Ufulu utabwera mu 1964, malamulo oletsa kuyenda anatha, anthu anakhamukira m'tauni, ndipo Kanyama, Chawama ndi Kalingalinga zinafufuma. Mtendere inakhazikitsidwa mu 1967 ngati malo opimidwa kumene munthu ankadzimangira yekha. Mu 1974 boma linavomereza makomboni ena mwalamulo, ndipo ndi ngongole ya World Bank linalowetsa mipope ndi misewu ku Chawama, George ndi Chaisa.

Anthuwa anabwera ndi zithokomiro zawo kuchokera ku Chipata, Petauke, Kasempa ndi Mongu, koma anasiya dima kumudzi. M'tauni liwiro la thupi linasanduka ndalama.

Boma latsopano linaiona nkhaniyi ngati ya zakudya. Bungwe la National Food and Nutrition Commission linakhazikitsidwa mu 1967, ndipo kafukufuku wa mu 1971 anapeza chotupa mwa pafupifupi theka la anthu amene anawayeza. Lamulo loti mchere uzikhala ndi ayodini linalembedwa mu 1978, koma kwa zaka zambiri linangokhala papepala, moti mu 1993 mwana wa sukulu mmodzi mwa atatu alionse anali nachobe. Msonkhano wa atsogoleri wokamba za ana ku New York mu 1990 unakankha maiko ambiri, ndipo Zambia inalimbitsa lamulo lake mu 1994. Mwayi wake unali woti mchere wambiri umachokera kunja, ku Sua Pan ku Botswana ndi ku Walvis Bay ku Namibia, kotero kuyang'anira malo ochepa kunafikira miphika yambirimbiri. Walira mvula walira matope: ku Zimbabwe madokotala analengeza mu 1995 kuti anthu odwala chithokomiro chothamanga achuluka mchere wa ayodini utafala, makamaka achikulire amene anali ndi zotupa zakale, ndipo mu 1996 bungwe la WHO ndi anzake anatsitsa mlingo wothira mumchere. Komabe ntchitoyi inapindula. Lero ukayenda mu Soweto Market sukumana ndi makosi otupa ochuluka monga amene agogo athu ankawaona, ndipo ana ambiri anapulumuka ku kupinimbira kwa ubongo kumene kusowa ayodini m'mimba kumabweretsa.

Kupambanaku kunasiya maganizo olakwika akuti chithokomiro ndi chotupa basi, ndipo popeza zotupa zachepa, nkhani yatha. Koma pali matenda a chiwalochi amene mchere suwakhudza. Pa amene Hakaru Hashimoto wa ku Japan analongosola mu 1912, chitetezo cha m'thupi chimaukira chithokomiro n'kuchifooketsa pang'onopang'ono. Pa amene amatchedwa ndi dzina la Robert Graves wa ku Dublin, amene anawalemba mu 1835, chitetezo chomwecho chimachikwapula kuti chithamange mopitirira. Palinso anthu amene anachitidwa opaleshoni yochotsa chotupa, amene ngati chiwalo chonse chinachotsedwa amafunika mapiritsi moyo wawo wonse, monga odwala a Kocher aja. Matenda onsewa amagwira akazi kuposa amuna kangapo konse, ndipo nthawi zambiri pa msinkhu umene munthu akudyetsa banja.

Chithokomiro chothamanga chimaondetsa munthu ngakhale akudya kwambiri. Mtima umagunda ngati ng'oma, manja amanjenjemera, thukuta silitha, tulo sitibwera, ndipo ena maso amatong'oka. Mu Lusaka ya zaka za m'ma 1990, munthu woonda chotero anthu ankamuweruza msanga: kaliondeonde. Ankayezedwa HIV ndi TB, ndipo zikapezeka kuti palibe, achibale ankatembenukira kwa sing'anga kapena ku mapemphero. Telala amene dzanja lake silikhazikika pa nsalu, woluka tsitsi, wowotcherera zitsulo m'mbali mwa msewu ku Kalingalinga, onsewa ntchito yawo ili m'zala.

Chithokomiro chofooka n'chobisika koposa. Munthu amangotopa. Amamva kuzizira mu Okutobala, amanenepa osadya zambiri, khungu limauma, mawu amasasa, kuchimbudzi kumavuta, msambo umachuluka, ndipo mutu umakhala ngati muli nkhungu. Palibe chimodzi mwa izi chimene chimagoneka munthu pamphasa. Mayi wa ku Mtendere amene amalawirira wapansi kukagwira ntchito kumayadi ku Kabulonga amafikabe, koma mochedwa. Amaiwala mpunga pamoto, amasita malaya atatu pa nthawi imene kale ankasita khumi, ndipo tsiku lina madamu amamupeza akusinza kukhitchini. "Amai, masiku ano mwayamba ulesi," amatero, ndipo mwezi ukatha amabweretsa wina. Wogulitsa tomato amene sakutha kudzuka mbandakucha kukapikula ku Soweto amapeza zabwino zitatha. Wophwanya miyala amalipidwa pa mulu. Mlonda amene wagona pa geti sapatsidwa mpata wofotokoza.

Malamulo a ntchito alipo. Lamulo la Employment Code la mu 2019 limati wantchito wa mgwirizano wautali akadwala, dokotala n'kutsimikiza, amalandira malipiro onse kwa miyezi itatu ndi theka la malipiro kwa miyezi ina itatu. Koma lamuloli limaganizira munthu amene ali ndi kalata ya ntchito komanso matenda oti agone nawo n'kudzuka. Kuyambira pamene makampani a boma anagulitsidwa m'zaka zotsatira 1991, anthu ambiri a m'makomboni amadya za maganyu, kantemba ndi salaula. Kwa iwo tsiku losagwira ntchito ndi tsiku logula pamela pa ngongole, ndipo mwezi wofooka umathera kwa wa kaloba kapena kulephera kuponya chilimba.

Zipatala nazo zayandikira anthu. Ndalama zolipira pakhomo, zimene zinayamba mu 1993, zinachotsedwa m'makiliniki a m'tauni mu 2012. Chipatala cha Levy Mwanawasa chinatsegulidwa mu 2011, ndipo makiliniki a Matero, Chilenje, Kanyama, Chawama ndi komboni ya Chipata anakwezedwa kukhala zipatala ndi thandizo la dziko la Japan kuti apepuze chipatala chachikulu cha UTH. Inshulansi ya NHIMA, yochokera m'lamulo la mu 2018, imadula 1 peresenti pa malipiro a wantchito, bwana n'kuwonjezera inanso, ndipo apanso wolembedwa ntchito ndiye amalowa mosavuta.

Vuto lalikulu limayamba matenda atapezeka kale. Piritsi la levothyroxine ndi laling'ono ndiponso losakwera mtengo poyerekeza ndi mankhwala ena ambiri, koma mlingo wake umasiyana munthu ndi munthu, ndipo umapezeka poyeza magazi. Dokotala amayang'ana TSH, homoni yochokera pansi pa ubongo imene imakwera chithokomiro chikamaperewera. Akasintha mlingo, pamafunika kudikira masabata 6 mpaka 8 n'kuyezanso, mwina kangapo, mpaka zitakhazikika. Si kiliniki iliyonse imene imayeza zimenezi, ndipo ku labotale yolipira mtengo wake umalimbana ndi lendi. Ulendo uliwonse ndi tsiku lathunthu pamzere. Ndiye ambiri amangokhala pa mlingo woyamba uja, wochepa, zaka ndi zaka. Amapezako bwino pang'ono, mokwanira kuti asabwerere kuchipatala, koma osakwanira kubweza changu chimene ntchito imafuna. Piritsilo limafunanso kumwedwa m'mimba mulibe kanthu, theka la ola kapena ola lathunthu munthu asanadye, ndiponso motalikirana ndi mapiritsi owonjezera magazi, amene amayi ambiri a msambo wochuluka amapatsidwa. Popanda womuuza, mayi amameza onse pamodzi ndi tiyi, ndipo gawo lina la mankhwala limangodutsa. Wa chithokomiro chothamanga amafunika carbimazole kwa miyezi 12 mpaka 18, koma mtima ukangokhala pansi pa mwezi wachitatu ambiri amasiya, matenda n'kubwerera.

Levothyroxine amachoka m'thupi pang'onopang'ono. Pakatha sabata theka lake limakhala likadalimo. Choncho mankhwala akasowa pa windo, munthu n'kupatsidwa kapepala kokagula ku famase pa tsiku limene alibe ndalama, sabata yoyamba samva kusintha kulikonse, ndipo amaganiza kuti mwina anachira. Kutopa kumabwerera pa sabata yachitatu kapena yachinayi, mochedwa moti iye mwini sakulumikiza ndi botolo lopanda kanthu lija. Amati ndi ukalamba, kapena maganizo, kapena dzuwa la chaka chino, ndipo m'mawa mwake amanyamukabe kupita kumayadi.