Mtunda tinaufupikitsa, yatsala ndi nthawi

Abale anga akumudzi, dandaulo loti zipatala zazing'ono zimatseka msanga lafika ponseponse, pamjigo ngakhale pamaliro. Tisanaloze chala anamwino, tiyeni tione kaye komwe tachokera.

Kale vuto lalikulu linali mtunda. M'nthawi ya atsamunda, zipatala zambiri zakumidzi zinali za mishoni, monga Nkhoma, Ekwendeni ndi Malamulo. Munthu akadwalika ankamunyamula pamachira, amuna kusinthana mapewa usiku wonse, ena n'kutsirizikira panjira. Chipatala cha Queen Elizabeth chinatsegulidwa ku Blantyre mu 1958, koma kwa mlimi wa kuseri kwa phiri kumeneko kunali ngati kunja kwa dziko.

Pang'onopang'ono boma linayamba kutumiza anthu m'midzi. M'zaka za m'ma 1960 kunali obaya katemera wa nthomba. Kolera atavuta mu 1973 kunalembedwa othandiza kulimbana naye, ndipo ntchito imeneyi ndi yomwe inadzabala alangizi a zaumoyo amene timawadziwa pa sikelo lero. Mu 1978, pamsonkhano wa ku Alma-Ata, mayiko anagwirizana kuti chithandizo choyambirira chizipezeka komwe anthu akukhala. Kuyambira cha m'ma 2006 boma linayamba kupangana ndi zipatala za mipingo za CHAM kuti amayi oyembekezera ndi makanda azithandizidwa osalipira. Kenaka mu 2008 kunabwera kiliniki ya m'mudzi: mlangizi kupatsidwa bokosi la mankhwala kuti azithandiza ana osakwana zaka zisanu pa malungo, chibayo ndi kutsegula m'mimba, makamaka m'madera otalikira makilomita oposa 8 kuchokera kuchipatala.

Apa ndiye pali phunziro. Cholinga chinali choti mlangizi azikhala m'mudzi momwemo, mwana akatentha thupi madzulo mayi angogogoda. Komwe anthu anamupezera nyumba, zinatheka ndithu. Komwe kunalibe nyumba, mlangizi ankachita lendi ku trading centre, n'kumapalasa njinga masiku ochepa pa sabata. Bokosi lilipo, mankhwala alimo, koma kiyi ali kutali. Ndiye kuti maola a chipatala amayambira pomwe wogwira ntchito amagona.

Nkhani ya uchembere ikunenanso zomwezo. Mu 2007 boma linaletsa azamba kubereketsa m'midzi. Koma matenda a mayi sayang'ana wotchi, eti? Lamulolo linkathandiza pokhapo pamene mayi akafika usiku ankapeza namwino ndi nyali yoyaka. N'chifukwa chake mu 2012, pa ndondomeko ya uchembere wabwino ya mayi Joyce Banda, mafumu ndi boma analimbikira zomanga zidikiro. Mbali ya amayi inaphunzira kukhala maso usana ndi usiku chifukwa anthu anaiikira mtima.

Nanga mbali ya odwala oyendera? Imatsatabe nthawi ya muofesi, kutsegula m'mawa, kuweruka dzuwa lisanalowe. Mlimi nthawi yake ndi ina. Januwale mpaka Malichi malungo amakhala pachimake, ndipo ndi nthawi yomweyo ya kupalira, kubandira ndi maganyu ogulira ufa. Mayi amayenera kusankha: mzere wa kuchipatala kapena chakudya cha ana madzulo. Ambiri amati tiona mawa. Pomwe a zaumoyo amatiuza kuti mwana wotentha thupi aonedwe pasanathe maola 24. Mawa limenelo ndi lomwe latilanda ana ambiri.

Komanso tisaiwale kuti pachipatala chaching'ono wolemba mankhwala nthawi zambiri amakhala mmodzi. Yemweyo masana, yemweyo kudzutsidwa usiku. Kungomulamula kuti aziweruka mochedwa n'kumuthamangitsa basi. Maola owonjezera amafuna munthu wachiwiri wosinthana naye, nyumba yake, ndi magetsi a sola.

Choncho pamsonkhano wa VDC ukubwerawu tisakangodandaula. Komiti ya chipatala ikapemphe ku khonsolo wogwira ntchito wachiwiri, ndi kuti m'miyezi ya dzinja chitseko chizikhala chotsegula mpaka madzulo ndi Loweruka lomwe. Ife mbali yathu tikuidziwa: kuumba njerwa, kututa mchenga, nyumba ya mlangizi iime mvula isanagwe. Makolo athu anasenza machira; ife kusenza chikombole kutikanike?