CeBIT, chionetsero cha makompyuta chomwe chinapirikitsa anthu ake

Mu Ogasiti 1947 mzinda wa Hannover ku Germany unali udakali mabwinja. Mabomba a nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anali atasalaza pakati pa mzindawo, chakudya chinkagulidwa ndi makadi a boma, ndipo chigawo chonsecho chinali m'manja mwa asilikali a ku Britain. Asilikaliwa anali atatopa kudyetsa anthu omwe anawagonjetsa. Ankafuna kuti Ajeremani ayambenso kugulitsa katundu kunja, apeze madola, azidzigulira okha tirigu. Leipzig, kumene amalonda ankakumanirana kuyambira makedzana, inali itagwera mbali ya Soviet Union. Ndiye analamula kuti chionetsero cha zamalonda chichitikire ku Laatzen, kunja kwa Hannover, m'mashedi a fakitale ya aluminiyamu.

M'milungu itatu munalowa anthu opitirira 700,000. Ambiri a iwo analibe ndalama yogulira makina ngakhale amodzi. Chinawakoka ndi chidwi, komanso mabanzi oika nsomba pakati omwe ankagulitsidwa pabwalopo popanda khadi. Anthu amenewa, obwera kudzangoona ndi kudzadya, muwasunge mumtima, chifukwa mlandu wonse wa nkhaniyi uli pa iwo. Mahotela analipo ochepa, choncho mabanja anatsegulira alendo nyumba zawo, ndipo mwambowo unakhalitsa zaka makumimakumi: mayi wa ku Hannover ankapereka chipinda chake kwa bwana wa kampani, iye n'kukagona pabalaza, m'mawa n'kumuphikira khofi.

Pakati pa mathirakitala ndi zitsulo za m'mafakitale panali kagawo ka zipangizo za muofesi: makina otaipira, makina owerengetsera ndalama, makabati a mafayilo. Kagawoko kanakula mpaka mu 1970 anakamangira holo yakeyake, yaikulu moti inalembedwa m'buku la Guinness. Holoyo ndiyo inayamba kutchedwa CeBIT. Nayonso inachepa, makampani n'kumadikira pamzere kuti apeze malo, ndipo mu Malichi 1986 CeBIT inapatuka n'kukhala chionetsero choima pachokha. Chaka choyambacho kunabwera makampani oposa 2,100 ndi alendo pafupifupi 334,000.

Pa chionetsero choyambacho panachitika maliro omwe ndimaona kuti aliyense wophunzitsa utsogoleri ayenera kuwadziwa. Heinz Nixdorf, mwana wa ku Paderborn wobadwa mu 1925, anayamba kampani yake mu 1952 ku Essen ndi thandizo la kampani ya magetsi ya RWE. Nthawi imene IBM inkagulitsa makompyuta odzaza chipinda kwa maboma ndi makampani akuluakulu, iye anaona anthu omwe ena onse ankawadutsa: banki yaing'ono ya m'tauni, sitolo ya zitsulo, fakitale ya banja. Anawapangira makompyuta apakatikati oti kalaliki angagwiritse ntchito pa desiki yake, n'kuwatumizira amisiri okawaphunzitsa. Pofika 1985 anali ndi antchito opitirira 20,000 ndipo kampani yake inali imodzi mwa zikuluzikulu za makompyuta ku Ulaya. Madzulo a pa 17 Malichi 1986, pa phwando la makasitomala ndi antchito ake pabwalo la CeBIT pomwepo, mtima unamuima. Anali ndi zaka 60.

Chimene chimandigwira pa nkhani yake si imfayo ayi. Munthu amene analemera chifukwa choona kasitomala wamng'ono anadzanyoza kompyuta yaing'ono. IBM inatulutsa PC mu 1981, ena n'kuyamba kupanga zofanana nayo pa mtengo wotsika, koma Nixdorf ankaiona ngati kachinthu kosayenera kampani ya ulemu wake. Anali mtsogoleri wa mawu amodzi, ndipo kampani yozolowera mawu amodzi imachedwa kutembenuka mwini mawuwo akapita. Amene analowa m'malo mwake, Klaus Luft, anapitiriza kulemba antchito msika ukusuntha pansi pa mapazi ake. Mu 1990 Siemens inameza kampaniyo. Dzina la Nixdorf lero mumaliona pa makina a ATM ndi pa nyumba yosungiramo makompyuta akale ku Paderborn, yomwe ili m'likulu lakale la kampaniyo.

Akuluakulu a CeBIT anaona zonsezi zikuchitikira pakhomo pawo. Patsogolo pake anadzachita zomwezo.

Zaka za m'ma 1990 zinali za mwanaalirenji. Mu 1995 Bill Gates anabwera kudzaonetsa Windows 95 ndipo alendo anapitirira 750,000. Msewu waukulu wopita kubwaloko ankausandutsa wa mbali imodzi: m'mawa magalimoto onse kuloza ku chionetsero, madzulo onse kutuluka. Ofuna kudziwa kompyuta, foni kapena pulogalamu yomwe ikubwera chaka chimenecho analibe kwina kolowera koposa Hannover mwezi wa Malichi, mvula yozizira ikuwaza. Koma m'khamulo munadzaza achinyamata. Anyamata a sukulu ankafika ndi sitima m'mamawa, kukhamukira pamene pali masewera a pakompyuta, kutola zolembera, zipewa ndi madisiki aulere mpaka matumba kutupa. Aliyense amene anapitako ku chionetsero cha ku Chichiri ku Blantyre tsiku lomwe ana a sukulu alowa akudziwa nkhope imene wamalonda amapanga mwana wachisanu akamupempha kalendala. Ku Hannover amalonda anafika powapatsa anawo dzina lachipongwe lowafanizira ndi makoswe onyamula matumba.

Dandaulo la makampani linali lomveka, tisawanamizire. Malo pa CeBIT anali odula, ndipo munthu amene walipira ndalama zambiri kuti akumane ndi mkulu wogula zinthu ku banki safuna kutaya tsiku akuyankha mafunso a mnyamata wa zaka 15. Eni chionetsero, kampani ya Deutsche Messe, anamvera olipira. Mu 1996 anayambitsa CeBIT Home, chionetsero china cha anthu wamba, kuti khamulo lipite uko. Chinachitika kawiri kokha, 1996 ndi 1998, n'kufa. Anthu ankafuna chionetsero chenichenicho, osati khonde lake. Anapitiriza kubwera, ndipo mu 2001 chiwerengero chinafika pachimake: alendo opitirira 800,000, makampani oposa 8,000. Padziko lonse panalibe chionetsero cha makompyuta chofanana nacho.

Apa ndi pamene ndimasiyana maganizo ndi amene amati CeBIT inaphedwa ndi intaneti basi. Mnyamata wa matumba uja sanali chisokonezo. Anali uthenga, ndipo uthengawo unkati luso lamakono lasintha khomo lolowera. Kale chinthu chatsopano chinkayambira ku boma ndi ku banki, n'kumatsika pang'onopang'ono mpaka kufika kunyumba. Kuyambira zaka zimenezo chinayamba kulowera kunyumba ndi m'thumba la malaya, kenako wantchito n'kupita nacho kuofesi kukavutitsa abwana kuti nawonso achigule. Ife kuno taziona ndi maso: anthu anayamba kutumizirana ndalama ndi mauthenga pafoni maofesi ambiri adakasunga makalata m'mafayilo a zingwe. Akuluakulu amati chakudza sichiimba ng'oma, koma ichi chinaimba, ndipo chinkaimbira m'maholo a CeBIT momwemo chaka ndi chaka. Atsogoleri ake anachimva ngati phokoso.

Zitatero ena anatola zomwe Hannover inkanyansidwa nazo. Makampani a intaneti atagwa pa misika ya masheya mu 2000 ndi 2001, ndalama zoonetsera malonda zinachepa ndipo aliyense anayamba kusankha kopita. Msonkhano wa makampani a mafoni unasamuka ku Cannes kupita ku Barcelona mu 2006, n'kumachitika milungu yochepa CeBIT isanatsegule, moti foni yofika ku Hannover inkafika itaonedwa kale. Zamagetsi za m'nyumba zinapita ku CES ku Las Vegas mu Januwale ndi ku IFA ku Berlin. Steve Jobs anaonetsa iPhone mu Januwale 2007 ku San Francisco, ndipo posakhalitsa Apple inasiyiratu zionetsero za eni ake n'kumaitana atolankhani ku misonkhano yakeyake. Makampani ena akuluakulu anatengera.

Kunena chilungamo, mwina palibe mtsogoleri akanabweza khamu la 2001. COMDEX ya ku Las Vegas, yomwe inayamba mu 1979 ndipo inali chionetsero china chachikulu cha makompyuta, inachitika komaliza mu 2003. Pulogalamu yokhala pa intaneti ilibe choti munthu agwire ndi manja, simungaimangire holo. Komabe Barcelona ndi Las Vegas zikusonkhanitsabe anthu mpaka lero, choncho si zoona kuti anthu anatopa ndi kukumana. Anangopita kumene ankadziwa chomwe akukaona.

Yankho la Hannover linali kulimbitsa chitseko. Mu 2014 analengeza kuti chionetserocho ndi cha amalonda okhaokha, anakweza mtengo wolowera, anachotsa tsiku la Loweruka lomwe anthu wamba ankabwera. Pamwamba zinthu zinkaonekabe bwino. Mtsogoleri wa Germany wa nthawiyo, Angela Merkel, ankatsegulira chionetserocho pamodzi ndi mtsogoleri wa dziko la alendo olemekezeka a chaka chimenecho: David Cameron wa ku Britain mu 2014, Shinzo Abe wa ku Japan mu 2017. Mu 2015 Jack Ma wa Alibaba anaima pa nsanja, analoza foni kunkhope kwake, n'kugula sitampa yakale ya chionetsero cha Hannover pongoonetsa nkhopeyo. Taonani chimene anaonetsa: foni, munthu mmodzi, kugula kanthu kakang'ono. Anaonetsa malonda a munthu wamba uja m'nyumba yomwe inali itangomutsekera kunja.

M'maholo mwake munali misonkhano yosatha ya momwe makampani angasinthire ntchito zawo kuti ziziyenda pa makompyuta ndi pa intaneti. Ndakhalapo m'misonkhano ya mtundu umenewu kwathu kuno, ija ya m'mahotela a kunyanja, kumene mlendo wolemekezeka amawerenga za dijito papepala lomwe wina wamulembera, ife n'kuwomba m'manja, kenako n'kukaima pamzere kusainira alawansi ndi bolopeni. Sindikunyoza, nanenso ndinasaina. Ndikungoti kulankhula za kusintha ndi ntchito yopepuka, ndipo CeBIT inali katswiri pa ntchito imeneyo. Inkagulitsa malo oti ena aphunzitsirepo kusintha, iyo ikupezabe ndalama mwa njira ya 1970, yobwereketsa pansi pa holo pa mita. Nkhani za makompyuta a m'mafakitale nazo zinali zitabwerera kwa mayi wake wa CeBIT, chionetsero chachikulu chija chomwe inapatukako: mawu oti Industrie 4.0 anatchuka kuchokera pa Hannover Messe ya 2011, osati pa CeBIT. Opanga makina anali atazindikira kuti kompyuta si gawo lapadera la malonda, ili m'chinthu chilichonse. Chionetsero cha makompyuta okhaokha chinatsala chopanda mutu wake.

Pofika 2017 alendo anali atatsika kufika pafupifupi 200,000. Apo ndi pamene atsogoleri anatembenuka ndi liwiro loopsa. Chionetsero cha 2018 anachisamutsira mwezi wa Juni kuti kukhale dzuwa, n'kuchisandutsa chikondwerero. Panja panali oimba usiku, magalimoto ogulitsa zakudya, ndipo kampani ya SAP inaimika chigudumu chachikulu chokwezera anthu m'mwamba. Ankaitana achinyamata. Koma anyamata a matumba a 1995 anali atakula, ena ali mabwana a makompyuta m'makampani awo, ndipo anali atazolowera ulendo wa ku Barcelona. Ana awo dzina la CeBIT sankalidziwa. Amalonda akale, omwe anawalonjeza bata zaka zinayi m'mbuyomo, anadabwa kuona ng'oma pakhomo. Kunabwera anthu pafupifupi 120,000. Makampani atayamba kuzengereza kulembetsa malo a chaka chotsatira, pa 28 Novembala 2018 Deutsche Messe inalengeza kuti CeBIT yatha, ndipo zotsala zake zokhudza mafakitale zilowa mu Hannover Messe.

Oliver Frese, mkulu amene ankayang'anira chionetserocho ndi kukonza chikondwerero chomalizacho, anatula pansi udindo. Ambiri anamuloza chala chifukwa ndiye anali pampando tsiku la maliro. Ine ndimaona kuti anasenza mlandu wa anthu ambiri. Chikondwerero chake chinachedwa, ndipo iye yemwe anali nawo pa chitseko cha 2014, koma chigamulo chomwe chinapha CeBIT chinapangidwa zaka za m'ma 1990, maholo ali odzaza, ndalama zikulowa, pamene akuluakulu anayang'ana khamu la pakhomo n'kufunsana njira yolichepetsera.