Za Mpeni Wogobera ndi Osula a ku Machinga ndi Balaka

Palibe nyumba m'midzi mwathu muno imene ilibe chipande. Mayi akatha kuphika aomola nacho nsima, nakonza mitanda m'mbale, ndipo ife tidya, tisamba m'manja, osafunsa konse kuti chipandecho chinagobeka bwanji. Mthiko ausema ndi mpeni wamba, munsi ausema ndi sompho. Koma m'kati mwa chipande, ndi mwa chikombe, ndi pansi pa mbale yamtengo, mpeni woongoka sungathe kufikamo. Pamenepo pafunika kampeni kena kokhota monga chikhadabo cha mphamba, kamene amisiri agobera nako. Kampeni aka m'litali mwake sikapitirira chala cha munthu wamkulu, koma mbiri yake ndi yaitali ndithu. Ndipo mwezi uno tifuna kuitsata pamodzi ndi inu, owerenga athu, makamaka monga inayendera kuno ku Machinga ndi ku Balaka.

Poyamba tichotse bodza limene lakhazikika m'mitima ya ana ambiri a sukulu, lakuti chitsulo chinadza ndi Azungu. Si tero ayi. M'zaka za m'ma 1960 katswiri wa zofukulafukula, Keith Robinson, anakumba pa Nkope, m'mbali mwa nyanja ku Mangochi, napeza mapale a mbiya pamodzi ndi zotsalira za chitsulo chosungunulidwa. Ndipo poyesa zinthuzo kunadziwika kuti anthu a pamenepo anali kutulutsa chitsulo m'miyala zaka zoposa 1,500 zapitazo. Amaravi, makolo a Achewa ndi Amang'anja, anakuza luso limeneli kufikira makasu awo anamveka mbiri ku Tete ndi m'chigwa cha Zambezi. Ndipo alipo akuluakulu ena amene anena kuti dzina lomwe la Malawi lidachokera ku malawi a moto wa ng'anjo zawo, woonekera patali usiku.

Ntchito ya ng'anjo inali yotere. Amuna anaumba ng'anjo ndi dothi la pachulu, kutali pang'ono ndi mudzi, nathiramo makala ndi miyala ya chitsulo mosanjikiza, nauziramo mpweya ndi mivukuto ya zikopa za mbuzi. Chitsulocho sichinayenderere monga madzi, koma chinaundana pansi pa ng'anjo, chibuma chosakanizika ndi zonyansa. Ndipo wosula anachitenthanso pachipala, nachimenya kawirikawiri pamwala waukulu kufikira zonyansa zonse zitatuluka. Ntchitoyi inali ndi miyambo yolimba: amuna a ku ng'anjo anagona padera osayandikira akazi awo, ndipo akazi sanaloledwe kufikako, pakuti ng'anjo anaiyesa mayi amene ali pafupi kubala. Tikaganizira thukuta lonseli timvetsa chifukwa chake khasu linali chuma, ndi chifukwa chake kachidutswa kotsala posula khasu sikanatayidwe, koma kanasanduka lumo, kapena singano, kapena mpeni wogobera.

Dr. David Livingstone anafika ku nyanja ya Chilwa mu April 1859, ndipo mu September chaka chomwecho anafika ku Nyanja yaikulu atatsata mtsinje wa Shire. M'buku la ulendo umenewo, lotuluka mu 1865, iye anachita umboni kuti midzi ya Amang'anja inali ndi ng'anjo zake, ootcha makala ake, ndi osula ake, amene anapanga makasu, nkhwangwa, mikondo, mivi, singano ndi makoza. Taonani tsono, mlendo ameneyu anapeza anthu amene sanasowe kugula mpeni kwa wina aliyense.

Pa nthawi yomweyo Ayao anali kulowa m'dziko muno kuchokera kum'mawa, ku dziko limene lero ndi Mozambique, atapirikitsidwa ndi nkhondo ndi njala. Mwa iwo munali Amachinga, amene dzina lawo likhala pa boma la Machinga, lotchedwa kale Kasupe, limene mu 1998 linagawidwa kuti Balaka akhale boma palokha. Kawinga anakhala ku mapiri a Chikala, Liwonde pa Shire, Kalembo ndi Nsamala kutsidya la kumadzulo kwa mtsinjewo. Nawonso Ayao anali anthu a chitsulo. Yohanna Abdallah, wansembe wachiyao, m'buku lake lotchedwa Chiikala cha Wayao la 1919, anasimba za Achisi, mbumba ya osula, amene anayenda m'midzi ndi makasu awo a malonda, napitirira pang'onopang'ono kufikira anafika kugombe la nyanja yamchere. Ndipo ndi iwo amene anatsegula njira ya ku Kilwa. Koma njira imene inatsegulidwa ndi khasu inadzayendamo minyanga, ndipo pambuyo pake inayendamo anthu omangidwa m'magoli. Nkhondo za ukapolo, ndi njala yoopsa ya 1862 ndi 1863, zinapasula midzi yambiri ya m'chigwa cha Shire, ndipo ng'anjo zambiri zinazima osayakanso.

Komabe chimene chinazimitsa ng'anjo zotsalazo si nkhondo, koma sitolo. Kampani ya African Lakes, imene anthu anaitcha Mandala, inayamba malonda mu 1878. Dziko linalowa m'manja mwa Angerezi mu 1891. Kawinga anagonja pa Chikala mu 1895. Ndipo m'mbuyo mwa asilikali munadza amalonda, Azungu ndi Amwenye, ndi makasu ndi mipeni ya kunja ya mtengo wochepa. Akulu anati mlendo adza ndi kalumo kakuthwa. Kalumo ka mlendo uyu kanadula ntchito ya mwini mudzi. Ndani akanavutikanso masiku ambiri ndi makala ndi mivukuto, pamene khasu lili chipachikire m'sitolo? Ku Kasungu ndi kwa Aphoka ng'anjo zinalimbikira kufikira cha m'ma 1930. Ndipo pofika m'zaka za m'ma 1980, pamene ophunzira anafuna kuona ntchitoyi ndi maso, anachita kufunafuna nkhalamba zowerengeka zimene zinaikumbukira, nazipempha kuti ziyatsenso ng'anjo ya chionetsero.

Tsono apa pali chinthu choyenera kuchisunga mumtima. Ng'anjo inafa, koma chipala sichinafe. Wosula anataya mgodi wake wakale, napeza mgodi watsopano m'zitsulo zotayidwa. Njanji yochokera ku Blantyre kupita ku Salima inadutsa pa Balaka mu 1935, ndipo mu 1970 inatsegulidwa ina yochokera pa Nkaya, kudzera pa Liwonde, kukafika ku Nayuchi; magalimoto anachuluka m'misewu, nayamba kukalamba ndi kufa. Chidutswa cha njanji yakutha chinalowa m'malo mwa mwala wosulirapo. Sipuling'i ya galimoto yothyoka, ndi tupa wakutha mano, zinalowa m'malo mwa chibuma cha m'ng'anjo. Ndipo mpeni wogobera unapulumuka pa chifukwa chimodzi, ndicho chakuti sitolo sinausamale. Khasu lifunidwa ndi munthu aliyense, chotero apanga ambirimbiri ofanana. Koma mpeni wogobera ufunidwa ndi mmisiri yekha, ndipo mmisiri aliyense afuna wake wokhota monga mwa ntchito yake. Wosema zipande afuna wokhota pang'ono, wogoba zikombe zakuya afuna wopindika ndithu, ndipo wamanzere sangagwire ntchito ndi mpeni wa mnzake wamanja, pakuti kukamwa kwake kwapenya kwina.

Tiyeni tikhale pansi pamthunzi wa chisakasa cha wosula, tione m'mene aupangira. Asankha tupa wakale, pakuti chitsulo chake ndi cholimba kopambana. Mwa magawo 100 a chitsulo chotere, limodzi kapena kupitirira pang'ono ndi la kaboni, ndiyo mphamvu ya makala imene ichititsa kuti chitsulo chithe kuuma. Msomali wamba ulibe kaboni wokwanira, chifukwa chake ngakhale muusule bwino chotani sudzasunga ukali. Koma tupa monga ali sasulika bwino ndi kupalika. Choncho wosula amtentha kufikira atafiira, namkwirira m'phulusa lotentha kuti azizire pang'onopang'ono usiku wonse, ndipo m'mawa chitsulo chija chakhala chofewa.

Atatero adula kachidutswa, nakatenthanso, mwana akuvukuta, nakamenya kufikira katapyapyala monga tsamba la bango, nasongola mbali imodzi kuti ikhale mchira wolowa mumpini. Kukamwa kwa mpeni akupala ukali woongoka, pakuti ukakhota tupa sangayendemo bwino. Pamenepo autenthanso, naupinda mozungulira kamtengo kachitsulo kobulungira, akumenya mwakachetechete, pakuti nyundo ya ukali ipotoza mpeni ndi kuuwononga. Apa mmisiri amene anaitanitsa mpeniwo kawirikawiri akhala pomwepo, nanena, "Onjezani pang'ono, bambo," kapena, "Basi, pomwepo."

Chotsatira ndicho chovuta koposa zonse, kuumitsa. Wosula atentha mpeni wonse mofanana kufikira utafiira ndithu. Ophunzira atiuza kuti pa madigiri 770 chitsulo chileka kukokedwa ndi maginito, ndipo kutentha koyenera kuli pamwamba pang'ono pa pamenepo. Koma wosula wa kumudzi aona ndi diso, ndipo nchifukwa chake sasulira padzuwa, pakuti kuwala kunamiza maso. Msanga auviika m'mafuta akale a galimoto, kapena m'madzi. Madzi aumitsa kwambiri, koma kampeni kopyapyala kang'aluka nawo msanga. Potuluka m'menemo mpeni uli wouma monga galasi, ndipo ukagwa pamwala uthyoka. Chifukwa chake aupukuta kuti uyere, nauyandikiza kumoto pang'ono, akuyang'anitsitsa maonekedwe ake. Ukayamba kuoneka monga udzu wouma wa m'chilimwe auchotsa pomwepo. Akachedwa, nufika pobiriwira, wafewa kopitirira, ndipo ukali wake sudzakhalitsa pamtengo wolimba. Zoonadi kuona maso a nkhono n'kudekha.

Potsiriza aboola mpini, natentha nsonga ya mchira uja, naulowetsa kuti udzipsere malo ake, namanga pakhosi ndi waya kuti mpini usang'ambike. Kunja kwa mpeni anola pamwala ndi madzi. M'kati anola ndi kamtengo kobulungira kopaka mchenga wosalala. Ndipo ayesa pa chidutswa cha mtengo: ukatulutsa zipalapala zopiringizika, nusiya m'mbuyo mosalala, ntchito yatha.

M'masiku a makolo mpeni uwu unatumikira nyumba. Sompho ndi nkhwangwa zinagoba zazikulu, mitondo, ng'oma, ndi mabwato a pa Shire, pa Malombe, pa Chiuta ndi pa Chilwa. Mpeni wogobera unatsiriza zazing'ono. Pamene mbale zachitsulo, ndipo pambuyo pake zapulasitiki, zinadzaza misika, amisiri anatembenukira kwa alendo. Pa Mua, m'boma la Dedza, Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a Kungoni mu 1976, kumene osema ambiri anaphunzira; mu 1973 nkhalango ya Liwonde inakhala malo osungira nyama, ndipo alendo opita kumeneko ndi ku Mangochi anayamba kuima m'mbali mwa msewu kugula ziboliboli, mbale, ndi mipando ija ya matabwa awiri olowetsana imene aitcha mipando ya mafumu. Ndalama za zosemasema zaphunzitsa ana ambiri ndi kufolera nyumba zambiri ndi malata. Koma wogula chiboliboli atama wosema, osadziwa kuti kumbuyo kwa wosema kuli wosula.

Lero ntchito ziwirizi zili pangozi, ndipo ngozi yoyamba ndi ya mitengo. Phingo, mtengo wakuda uja umene osema aukonda, ufuna zaka 70 kapena kuposa kuti ukhwime. Mlombwa ndi mbawa nazonso sizifulumira. Kuyambira 2017 pangano la maiko lotchedwa CITES lifuna chilolezo potumiza matabwa a phingo kunja kwa dziko, pakuti mtengowu wachepa m'maiko ambiri. Wosula naye afuna makala a mtengo wolimba monga tsanya ndi muwanga, ndipo yense woyenda pamsewu wa Liwonde waona ndi maso ake matumba a makala ali ndandanda, ndi mapiri amene anali obiriwira akuyera. Wosula atha makala ochepa, koma nkhalango ikatha adzasowa pamodzi ndi onse.

Ngozi yachiwiri ili m'mitima yathu, ndipo ife aphunzitsi sitingadzichotsepo. Kangati tinaopseza mwana waulesi kuti akalephera mayeso adzakhala wosula, monga ngati kusula ndi chilango? Mwana anamva, nathawa chipala cha atate wake; ndipo tsopano alipo anyamata ambiri okhala ndi mapepala a sukulu, opanda ntchito, amene sangathe kukwika ngakhale khasu. Luso ili mwana sangaliphunzire yekha m'buku. Likhala m'maso ndi m'manja, ndipo ng'anjo yatiphunzitsa kuti luso la zaka 1,500 lingathe kutha m'mibadwo iwiri yokha.

Chifukwa chake tikupemphani, abale ndi alongo, zinthu zitatu zosavuta. Ngati m'mudzi mwanu muli wosula, mumpatse ntchito, ndipo mumlipire mtengo woyenera osanyinyirika. Ngati muli ndi mwana wa manja aluso, mumlole akavukute pachipala sukulu ikatsekera, pakuti kuwerenga ndi kusula sizidana. Ndipo mvula ikadza, mubzale mlombwa kapena mbawa m'malire a munda wanu. Inu simudzasemako kanthu, koma mdzukulu wanu adzapeza pogoba chipande.